Funsani Mmisiri: Kucheka ndi Kupala Mutu wa Kasitima Kachitsulo

Bambo Mmisiri,

Ndine mphunzitsi wopuma pa ntchito ndipo ndimakhala ku Golomoti, pafupi ndi njanji. Malemu bambo anga adagwira ntchito yokonza njanji kwa zaka zambiri, choncho ine ndidakula ndikuona sitima zamalasha zikudutsa pakwathu. Chaka chatha mphwanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg adandibweretsera mitu iwiri ya tisitima tachitsulo toyendera magetsi, pamodzi ndi njanji zake ndi mabogi anayi, ndipo pabokosi padalembedwa kuti HO. Mitu yonse iwiri ndi yofanizira sitima zamalasha za maiko akunja. Ine ndidafuna kuti ifanane ndi zimene ndinkaziona ndili mwana, pofupikitsa chumuni, kuchotsa malata otchinga utsi a m'mbali ndi kukulitsa mazenera a chipinda cha dalaivala. Mutu woyamba ndidapita nawo kwa wowotcherera wina pamsika, amene adaugunditsa galainda. Chitsulo chidanyenyeka m'mphepete ngati phula, chumuni idathothoka pamodzi ndi chibenthu cha boyila, lija thanki la madzi limene chumuni imakhalapo, ndipo nditaubwezera panjanji ukungolira osasuntha. Watsala umodzi. Ndiugwire bwanji kuti nawonso usaonongeke?

Mphunzitsi wopuma, Golomoti

Zikomo aphunzitsi chifukwa cha kalata yanu, ndipo pepani ndi mutu umene udaonongekawo. Musautaye, chifukwa ndi pa iwo pamene muyesere dzanja lanu musanakhudze wachiwiriwo. Wowotcherera uja sindikumuweruza kwambiri, pakuti iye adazolowera chitsulo cha mageti ndi mafelemu a mazenera, chimene chimapirira moto wopitirira madigiri 1,400 chisanasungunuke. Chimene mudamupatsa m'manja si chitsulo cha mtundu umenewo, ngakhale kuti tonse timangochitchula kuti chitsulo.

Tisitima tambiri tolemera m'manja ngati tanuto timapangidwa pothira msanganizo wosungunula m'chikombole. Msanganizowo umatchedwa zamak, ndipo mbali yaikulu ndi zinki, yophatikiza ndi aluminiyamu pafupifupi magawo 4 pa 100 alionse, komanso magineziyamu ndi mkuwa pang'ono. Zamak amasungunuka pa madigiri a pakati pa 380 ndi 390 okha, ndipo sapindika monga lata, koma amathyoka akapanikizidwa. Galainda ya m'manja ya owotcherera imazungulira pafupifupi ka 11,000 pa mphindi imodzi, kotero ikakhudza chumuni yopyapyala, kutentha kumaunjikana pamalo amodzi mwamsanga, zinki imafewa ndi kumatirira pagudumu la galaindayo, kenako gudumulo limakoka chitsulocho m'malo mochidula. Ndicho chifukwa chake m'mphepete mudaoneka ngati phula ndipo chibenthu cha boyila chidachoka. Ndionjezerepo kuti gudumu lomatirira zitsulo zofewa ndi loopsa kwa mwini wake yemwe, chifukwa limatentha mosafanana ndipo lingathe kusweka ali pantchito.

Musanadule chilichonse, tsimikizani mtundu wa chitsulo cha mutu wotsalawo. Tengani maginito, ngakhale ya m'sipika ya wailesi yakale, muigunditse pathupi la kasitimako, kutali ndi mota. Ikamatirira, ndiye kuti thupilo ndi la lata lopinda, ndipo kachitidwe kake n'kena. Ikapanda kumatirira, palani pang'ono mkati mwa thupi, pamalo osaoneka, ndi nsonga ya mpeni. Pakatuluka mtundu wachikasu, ndi mkuwa wosakaniza ndi zinki, umene umachekeka bwino ndipo umalola kulumikizidwa ndi mtovu wa okonza mawailesi. Pakatuluka kuyera kotuwira ndipo mpeni ukuterereka movutikira, ndi zamak. Koma mpeni ukamalowa mosavuta ndi kusenda kachidutswa konyezimira monga mmene umasendera sopo wouma, ndi chimene amisiri amati white metal, chimene kawirikawiri chimakhala ndi mtovu ndipo chimasungunuka msanga kuposa zamak. Malinga ndi mmene mwafotokozera kuthyoka kwa chumuni ija, ndikukhulupirira kuti wanuwo ndi zamak, ndipo malangizo otsatirawa ndawalunjikitsa pamenepo.

Kusayenda kwa mutu woyamba kuli ndi chifukwa chake chapadera, ndipo ndikuganiza kuti udadulidwa mota ili mkati. Fumbi la zinki limadutsitsa magetsi, ndipo likalowa pamene timakala ta mota timakhudzana ndi kachitsulo kozungulira, magetsi amadutsa njira yachidule ndipo mphamvu imatha. Likasakanikirana ndi girisi wa m'magiya limasanduka phala lokhakhala limene limadya mano a magiyawo. Choncho ntchito yoyamba pa mutu wachiwiri ndi kumasula masikuluwu a pansi, kulekanitsa thupi ndi chimango chokhala ndi mota ndi mateyala, ndi kukasunga chimangocho m'chipinda china chitakulungidwa m'pepala lapulasitiki. Jambulani ndi foni sitepe iliyonse pomasula, ndipo masikuluwu muwaike m'mabokosi a machesi olembedwa kumene achokera, chifukwa amaoneka ofanana koma amasiyana kutalika, ndipo lalitali likalowa malo a lalifupi limang'amba zamak. Mateyala musawazule pa ekiselo yake. Pa mutu wamalasha, zikhomo zogwira mikono yachitsulo yolumikiza mateyala a mbali imodzi zimatsogolera za mbali inayo ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a kuzungulira kwa teyala, ndipo zimenezi zikasokonekera ngakhale pang'ono, mikono imakakamira ndipo kasitimako kamayenda modumphadumpha kapena kuima kumene. Mutu woyamba uja muuyese poutsuka magiya ndi kaburashi ka mano kakale ndi madontho a spiriti, kenako muikemo kadontho ka mafuta a makina osokera, ndipo mwina mudzadabwa kuuona ukuyendanso.

Tsopano za muyezo, pakuti apa ndi pamene ambiri amalakwitsa asanagwire n'komwe sowo. HO imatanthauza kuti chinthu chenicheni chachepetsedwa ka 87, kotero milimita imodzi pa kasitima kanu ikuimira mamilimita 87 pa sitima yeniyeni, pafupifupi masentimita 9. Mukachotsa mamilimita atatu pa chumuni, mwaifupikitsa ndi masentimita 26, ndipo diso la munthu wodziwa sitima limaona kusiyanako nthawi yomweyo. Chikumbukiro cha ubwana chimakulitsa zinthu, aphunzitsi, ndipo sindikukulangizani kudalira icho chokha. Funafunani zithunzi za sitima zamalasha za Nyasaland Railways ndi Malawi Railways, makamaka zojambulidwa cham'mbali, ndipo muyeze kutalika kwa chumuni poyerekeza ndi denga la chipinda cha dalaivala. Mukakhala ndi ulendo wa ku Blantyre, kaimeni ku nyumba yosungirako zinthu zakale ku Chichiri, kumene kuli mutu wakale wamalasha panja, muone ndi maso mmene zitsulo zimalumikizirana ndi boyila, ngakhale kuti mutuwo ndi wakale kuposa imene inkadutsa kwanuko. Njanji yodutsa pa Golomoti ndi Mtakataka idafika ku Salima mu 1935, ndipo pa zaka zonsezo padadutsa mitu yamitundu ingapo, choncho sankhani chithunzi chimodzi ndipo mutsatire chomwecho mpaka mapeto. Mukaphatikiza chumuni ya mutu wina ndi chipinda cha mutu wina, mudzapanga sitima imene sidakhalepo.

Zida zofunika si zambiri ndipo zonse ndi za m'manja. Mufunika kasowo kakang'ono kochekera zitsulo kokhala ndi mano aang'ono kwambiri, monga ka mano 32 pa inchi, matupa aang'ono opyapyala a maonekedwe osiyanasiyana amene amagulitsidwa pamodzi m'kathumba, tupa limodzi lafulati lokulirapo, tizibowolero ta milimita imodzi ndi milimita imodzi ndi theka, sandipepa yopalira ndi madzi ya nambala 240, 400 ndi 600, vaisi yaing'ono, choko, kandulo ndi magalasi oteteza maso. Mukapeza sowo ya opanga ndolo ndi mphete, imene lumo lake n'lopyapyala ngati ulusi, gulani chifukwa palibe china chimene chimaposa iyo podula malo okhota. Mano ake amaloza kuchogwirira ndipo imadula pokoka. Vaisi musaimange pathupi la kasitima mwachindunji. Semani kathabwa kolowa bwino mkati mwa boyila kuti kachirikize makoma, ikani zidutswa za chubu cha njinga mbali zonse ziwiri, ndipo mumange mongokwanira kuti chisagwedere. Zamak wamphako akafinyidwa amang'aluka mosachenjeza.

Pa chumuni, detsani malowo ndi cholembera chakuda chosafufutika, kenako lembani mzere ndi nsonga ya singano kuti uwale pakudapo. Musafupikitse podula pamwamba, chifukwa mlomo wa chumuni ndiwo umaipatsa maonekedwe ake ndipo simungathe kuusemanso ndi tupa. Dulani chumuniyo pakati, chotsani kampheteko ka muyezo umene mwawerengera, ndipo mubwezere mlomowo pamwamba. Podula, siyani theka la milimita kunja kwa mzere nthawi zonse, pakani kandulo pa lumo la sowo, ndipo muzikoka pang'onopang'ono osakanikiza, mukuzungulira chumuniyo mbali zonse m'malo moidula ulendo umodzi kuchokera mbali imodzi, kuti sowo isapatuke. Theka la milimita lotsalalo ndi ntchito ya tupa, ndipo ndi pa tupa pamene ndikufuna mukhalitse. Tupa limadya pokankha pokha, choncho pobweza muzilinyamula. Zinki imatseka mano a tupa mwamsanga, ndipo kachidutswa kamodzi kokakamira m'mano kamalemba mzere wakuya pamalo amene mwasalaza kale. Pakani choko pa tupa musanayambe, ndipo mukapala kakhumi kapena kakhumi ndi kasanu, imani, litsukeni ndi burashi ya mawaya kapena kachidutswa ka mkuwa, muyeze, ndipo mupitirize. Kuti nkhope ziwiri za chumuni zikumane popanda mpata, yalani sandipepa ya 240 pagalasi la zenera ndipo muzipukusa chidutswacho pamenepo mozungulira, chifukwa galasi ndi lafulati kuposa tebulo lililonse la m'nyumba.

Malata otchinga utsi aja muyambe mwaonetsetsa mmene adamangidwira. Pa tisitima tambiri ndi zidutswa zapadera zolowetsedwa ndi timapini kapena kasikuluwu, ndipo zimachoka popanda kudula. Ngati adathiridwa pamodzi ndi thupi, dulani motalikira ndi boyila ndipo chotsalacho muchipale ndi tupa lokhota motsatira kuzungulira kwa boyilayo, mutamata tepi pa timizere ndi timitu ta misomali tapafupi kuti tupa likaterereka lisatifafanize. Mazenera ndiwo amafuna kuleza mtima koposa. Lembani zenera latsopano, bowolani timabowo totsatizana mkati mwa mzere, kamodzi pafupi ndi kanzake, mukupotoza chibowolero ndi zala kapena ndi dirilo ya pamanja, kenako lumikizani timabowoto ndi sowo yopyapyala ndi kuwongola m'mbali ndi tupa la ngodya zinayi. Yambani ndi zenera la mutu woonongeka uja, ndipo mukatulutsa awiri ofanana, pamenepo mwakonzeka.

Mwina wina akuuzani za kamakina kakang'ono ka m'manja konga Dremel, kamene kamazungulira mpaka ka 35,000 pa mphindi. N'kothandiza pokumba mkati mwa thupi, pamene sipaoneka, ngati mukufuna malo a nyali kapena mawaya, koma pa nkhope ya kasitima ine sindikalola m'manja mwa munthu amene akuyamba kumene. Timagudumu take todulira n'topyapyala ndipo timasweka tikapotoka pang'ono, ndipo zidutswa zake zimalunjika kumaso. Mukakagwiritsa ntchito, chepetsani liwiro, khudzani kwa masekondi awiri kapena atatu ndi kuchotsa, ndipo chitsulo chikatentha moti chala sichingapirire, imani muchiviike m'madzi. Kumbukiraninso kuti kulemera kwa mutu ndiko kumaupatsa mphamvu yogwira njanji, choncho mukakumba kwambiri mkati, mateyala adzayamba kuterereka ndipo mabogi anayi aja adzaukanika.

Polumikiza, iwalani za kuwotcherera. Mtovu wa okonza mawailesi sugwira bwino pa zamak, ndipo moto wa gasi ungasungunule chumuni yonse musanaphethire. Gwiritsani ntchito guluu wa epoxy, uja wa machubu awiri osakaniza, ndipo musankhe wouma pang'onopang'ono chifukwa amalimba kuposa wa mphindi zisanu. Guluu yekha sakwanira pa chinthu chotulukira kunja ngati chumuni. Lowetsani kachidutswa ka chubu kapena waya wamkuwa mkati mwa zidutswa ziwirizo kuti kakhale ngati fupa, tsukani malowo ndi spiriti kuti pasakhale mafuta a m'manja, matani, ndipo musakhudze kwa tsiku lathunthu. Epoxy yemweyo mukamusakaniza ndi fumbi la zinki limene mwapala amatseka bwino maenje, ndipo ndi mmene mungakonzere bala la pa boyila ya mutu woyamba. Pochotsa penti yakale musaviike thupilo mu kositiki soda amene amayi amapangira sopo, chifukwa amadya zinki ndi aluminiyamu. Mukamaliza kupala ndi 400 ndi 600 m'madzi, tsukani ndi sopo, umitsani, ndipo muyambe ndi penti yoyambira yogwira pa zinki, imene m'masitolo a penti ya galimoto amaitcha etch primer, mopyapyala kwambiri kuti timizere tisakwiririke. Kwanu ku Golomoti n'kotentha ndipo penti imauma msanga, koma fumbi la m'chilimwe ndi mdani, choncho muvundikire ndi katoni mukangopopera.

Bambo Mmisiri,

Mwana wanga wazaka 12 amapanga magalimoto a mawaya, ndipo posachedwa tidamugulira kasitima kakale kachitsulo pa kaunjika ku Lizulu. Thupi lake lili ndi timing'alu tambirimbiri ngati dothi la m'dambo louma, ndipo iye akufuna kulipala kuti lisalale. Kodi ndimulole, ndipo kodi fumbi lake si loopsa?

Mayi wa ana atatu, Lizulu

Mayi, timing'alu mwafotokozato si ta penti chabe ngati tikuoneka ndi mkati momwe, ndipo ngati thupilo latupa kapena kupindika. Limenelo ndi vuto lodziwika pa zidole za zinki zakale, makamaka zopangidwa kuyambira m'ma 1930 mpaka m'ma 1950, pamene msanganizo unkadetsedwa ndi mtovu pang'ono pothira m'chikombole. Pakapita zaka, chitsulocho chimadyeka kuchokera mkati, chimafufuma ndi kuyamba kunyenyeka, ndipo chinyontho chimafulumizitsa zimenezi, zomwe zikutanthauza kuti nkhungu ya ku Lizulu ya mwezi wa June ndi July siikukachitira zabwino. Kupala sikungachize, chifukwa ming'aluyo imalowa mpaka pakati, ndipo tupa lingangomaliza kukaphwanya. Chimene mungachite ndi kudonthezera guluu wamadzimadzi uja wa supagulu m'ming'alumo kuti zidutswa zigwirane, ndi kukasunga pamalo ouma ngati chokongoletsa.

Pa za fumbi, nkhawa yanu ndi yoyenera. Penti ya zidole zakale kwambiri nthawi zina inkakhala ndi mtovu, ndipo mtovu umaononga ubongo wa mwana amene akukula ngakhale utalowa pang'onopang'ono. Mwana asapale chidole chakale chimene simukudziwa chiyambi chake. Koma luso lakelo musalizimitse. Mwana amene amatha kupinda waya n'kutulutsa galimoto yokhota ndi chiwongolero ali kale ndi diso la muyezo. Mpezereni zitini za mafuta ophikira kapena za mkaka, lumo lodulira malata, tupa limodzi ndi magalasi oteteza maso, ndipo mukamuonetse kwa mmisiri wokhoma ndowa pamsikapo kuti aphunzire kupinda m'mphepete mwa lata kuti lisacheke. Azigwirira ntchito panja, kutali ndi pamene mumaphikira kapena kuyanika ufa, ndipo azisamba m'manja ndi sopo asanadye.

Bambo Mmisiri,

Ndamva kuti njanji ya m'Malawi ndi yopapatiza kuposa ya ku Ulaya. Kodi ndingapanikize mateyala a kasitima kanga ka HO kuti kafanane ndi zathu?

Wowerenga, Ntcheu Boma

Mwamva zoona, achimwene. Njanji yathu ndi ya mamilimita 1,067 pakati pa zitsulo ziwiri, mofanana ndi ya ku South Africa, Zambia ndi Zimbabwe, pamene ya maiko ambiri a ku Ulaya ndi ya mamilimita 1,435. Njanji ya HO ndi ya mamilimita 16.5, imene ikuimira ya ku Ulayayo. Mukagawa 1,067 ndi 87 mumapeza mamilimita 12 ndi pang'ono, ndipo n'chifukwa chake ofuna kutsanzira njanji zonga yathu pa muyezo umenewu amagwiritsa ntchito njanji ya mamilimita 12. Kuti mufike pamenepo muyenera kuchotsa mamilimita opitirira awiri mbali iliyonse ya chimango, ndipo chimango cha zamak chimene chanyamula magiya pakati sichikhala ndi mnofu wokwanira kupalidwa chotero. Mungafunikenso njanji yatsopano ndi kusintha mabogi onse, ndipo sindikukulangizani kutero.

Pali njira ina imene anzathu a ku New Zealand ndi ku Australia, kumene kulinso njanji za mamilimita 1,067, akhala akuitsata kwa zaka zambiri. Amasiya mateyala, mota ndi njanji ya mamilimita 16.5 monga zilili, koma amamanga thupi lokulirapo pa muyezo wochepetsa ka 64. Mukagawa 1,067 ndi 64 mumapeza 16.7, kusiyana kwake ndi 16.5 n'kosaoneka ndi maso. Ndiye kuti chimango chanu cha HO simuchikhudza ndi sowo, ndipo ntchito yonse imakhala pa thupi latsopano, limene mungalipange ndi lata lopyapyala lamkuwa kapena pulasitiki yafulati. Pa muyezo umenewu munthu wamtali masentimita 170 amakhala mamilimita pafupifupi 27, choncho yambani mwadula kamunthu ka katoni ka msinkhu umenewo, ndipo khomo ndi denga la chipinda cha dalaivala muziyezere pa iko.